Mapesi a M'munda wa Bambo

Lolemba, 8 Seputembala

Amayi akadali kuchipatala, kudwazika achemwali. Sabata yachitatu. Pakhomo ndine ndi nkhuku basi.

Poweruka kusukulu, kumunda. Ndayala mapesi mizere isanu ndi umodzi. Alangizi anati pobwera pa 26 adzapeze nthaka yonse yophimbira, yosagaula, yosatentha. Apo ayi dzina la amayi lichoka pamndandanda, mbewu ndi feteleza osalandira. Kwina kozitenga kulibe.

Lachinayi, 11 Seputembala

Ulimiwu amautcha mtayakhasu. Dzina lomwelo ndilo landipachika. Pamjigo mayi wina anati, "Bambo ake sanathe chaka m'manda, mwana khasu wataya kale." Onse kuseka.

Sindinataye. Lili kuseri kwa chitseko pomwe analisiya, mpini wake wosalala ndi manja awo.

Loweruka, 20 Seputembala

Ndamaliza munda wonse. Zikhatho zochekekachekeka. Ndinapisa dzanja pansi pa mapesi: pozizira bwino, chiswe chayamba kale ntchito. Ndinafuna kuonetsa munthu. Panalibe.

Lachiwiri, 23 Seputembala

Utsi ndinauonera pawindo la kalasi, nthawi ya masamu. Ndinathamangira kumunda.

Ndinapeza amalume atatsamira khasu lawo, thukuta kamukamu, akumwetulira. Phulusa mpaka kumalire. Akuti anadutsa dzulo, manyazi anawagwira kuona munda wa mlongo wawo uli ngati kudzala. "Mphwanga, ukanangonena kuti ntchito yakukulira."

Ndinati zikomo. Ndi pakamwa pangapa, zikomo.

Lachitatu, 24 Seputembala

Kusukulu sindinapite. Amayi anaimba pafoni ya aneba, kufunsa za munda. Ndinati uli bwino.

Masana kwa amalume. Ndinafotokoza zonse maso ali pa zala zanga zakumapazi. Sanandikalipire, sanapepese. Anangofunsa tsiku limene alangizi abwere.

Lachinayi, 25 Seputembala

Minda yoyandikana nayo inapsa kalekale. Ndazungulira tsiku lonse kufuna mapesi. Mitolo iwiri. Sikuphimba ngakhale pogona mbuzi.

Bambo akanatani? Mwina nawonso akanatentha.

Lachisanu, 26 Seputembala

M'mawa dzuwa likutuluka, kulira kwa ngolo. Amalume. Mapesi awo onse amene amasungira ng'ombe, pamwamba pake udzu wofolerera khola. Ng'ombe zawo zidya chiyani mpaka mvula, sindinafunse.

"Zinyalala zako izi. Tandionetsa kayalidwe kake."

Munthu wa imvi kufunsa ine. Ndinawaonetsa. Anayala mopingasa, ndinawakonza.

Zakwana theka la munda. Pamwamba poyera, pansi bii. Alangizi akapisa dzanja litulukamo ndi phulusa. Ndiwauza ndekha asanapise, dzina la amayi alifufute kapena alisiye.

Ndalowa kudzamwa madzi. Njinga yamoto ikumveka kumsewu. Amalume akuitana panja. Sakuti mphwanga.

Akuti, "Eni munda, tulukani."