Kajuzi Kazibowo

Lachiwiri, 17 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, alamu ndi mwana wathu watsopanoyo. Kodi chifuwa chija munanena pa foni chinamusiya? Ndakhala ndikumuganizira masiku onsewa. Ngati akutsokomolabe mupite naye kuchipatala, musadikire kuti chikule, ngakhale alamu anene kuti ine ndimakokomeza zinthu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe timalankhula pa foni Lamulungu lililonse. Nyumba ino mukuidziwa. Khoma la pakati pa chipinda ndi pabalaza silifika kudenga, ndipo makutu a Amayi masiku ano amamva ngakhale supuni ikagwa kwa aneba. Zomwe ndikufuna kunena sindingazinene iwo akumva. Ndikulembera kuntchito kuno kochapa zovala, pa tebulo lopindirapo nsalu, anzanga atapita kukadya. Mukhululuke zolemba zokhotakhotazi, mukudziwa pomwe sukulu yanga inathera.

Dalaivala wa lole uja, mwamuna wa mayi oyandikana nafe aja timawatcha a Wayilesi chifukwa chosasunga nkhani, akupatsani zinthu ziwiri, kalatayi ndi kaphukusi ka pepala lakhaki kochokera kwa Amayi. Chonde muyambe mwawerenga musanamasule kaphukusiko.

Achimwene, mukandifunsa za Amayi ndimati ali bwino. M'thupi alidi bwino, koma maso akutha. Adokotala anati matenda a shuga aja awononga m'kati mwa maso, magalasi sangathandize, ndipo zizipitirira. Anayamba kale, alamu ali oyembekezera, koma Amayi anandiletsa kukuuzani. Anati muli ndi zokwanira zoti muziganiza. Panopa akamathira tiyi amaika chala m'mphepete mwa kapu kuti amve akadzaza. Tsiku lina anapereka moni kwa jekete langa lomwe ndinakoloweka pachitseko, nadandaula kuti mlendoyo ndi wamwano. Tinaseka tonse awiri, kenaka ine ndinapita kuseri kwa nyumba.

Chomwe ndinkaopa kwambiri ndi kuluka kwawo. Inu mukudziwa kuti Amayi opanda singano zolukira m'manja si Amayi. Mpando wawo uja ukadali pakhomo pomwe pamafika dzuwa la m'mawa, ndipo chitini chija cha mabisiketi chosungiramo singano ndi timabatani chinkakhala pansi pa mpandowo. Tonse tinakula titavala majuzi awo. Yanu yobiriwira ija munkakana kuvala kusukulu chifukwa anzanu ankati mukuoneka ngati chule, ndinaimaliza ndine mpaka inang'ambika m'zigongono. Chimwalirireni Abambo ankaluka mwa apo ndi apo, ndipo maso atayamba kuvuta anasiyiratu.

Ndiye tsiku lija munaimba foni kuti mwana wabadwa, asanaike n'komwe foni pansi anandituma kumsika kukagula ulusi. Anati ndigule wachikasu, chifukwa mtundu umenewo amauonako pang'ono. Anati kwanuko kumazizira, ndipo mdzukulu wawo woyamba sangavale za m'sitolo zokha ngati alibe agogo. M'mawa mwake ndinadzuka ndikumva singano zikugundana, iwo akung'ung'udza nyimbo. Achimwene, ndinali nditaiwala kuti Amayi amaimba.

Koma kenaka ndinayang'ana zomwe ankalukazo. Ulusi unkapulumuka pa singano iwo osadziwa, ndipo ponse pomwe wapulumuka pankatsala chibowo. Penapake pankalendewera ulusi wopindika ngati khwekhwe. Ndinayamba kuganiza, ndipo inu mukundidziwa ndikayamba kuganiza. Ndinati mphepo izilowa m'zibowomo mwana n'kudwala chibayo. Ndinati kachala kake kakoledwa mu ulusiwo kali m'tulo, magazi n'kusiya kuyenda. Ndinatinso alamu akakaona adzathokoza bwinobwino, chifukwa ndi munthu waulemu, kenaka adzakaika pansi penipeni pa sutikesi, ndipo tsiku lina Amayi adzadziwa.

Amayi akamwa mankhwala a masana amagona tulo tofa nato. Kuntchito kuno ndi pafupi, mukudziwa, ndikungodutsa pa mseu wa okonza njinga. Choncho nthawi ya nkhomaliro ikakwana ndinkazimitsa simbi, n'kuthamangira kunyumba, n'kutenga kajuziko pampando. Ndinkamasula mizere yomwe aluka m'mawawo, n'kuilukanso bwinobwino mpaka pomwe anasiyira, n'kubwezera singano mmene anaziikira. Ndinkabwerera kuntchito ndili wefuwefu, osadya kanthu. Mpaka abwana anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Kodi iwe wapeza chibwenzi? Utiuze msanga tiyambe kusita masuti." Ndinangoseka nawo.

Kwa masabata angapo zinayenda. Amayi akadzuka ankatenga kajuziko, n'kupitiriza. Chinkawasangalatsa n'chakuti akakweza nsaluyo padzuwa sankaona kuwala kukudutsa paliponse. Ankandiuza kuti, "Ukuona, Namantha? Adokotala ako aja amadziwa za maso, za manja sadziwa." Dzina lija munandipatsa inu sanalisiyebe. Anaitananso a Wayilesi kuti adzaone, ndipo a Wayilesi anakafalitsa mdadada wonse kuti agogo akuluka osaona kuposa atsikana a maso awiri. Amayi anayamba kudya bwino. Ine ndinkadziuza kuti ndikuchita chinthu chabwino, ndipo ndinene zoona, nthawi imeneyo ndinkakhulupirira.

Chomwe sindinaganize, ine woganiza zonse, ndi dzanja langa. Loweruka lina m'mawa ndikutsuka mbale pakhonde, Amayi anamaliza mbali yakumsana, nayamba kuiyeza ndi zala kuchokera m'munsi. Ndinaona zala zawo zaima, zabwerera, zaimanso pomwepo.

"Iwe, tabwera."

"Ndikutsuka mbale, Amayi."

"Mbale sizithawa."

Ndinapukuta manja, ndinagwada pafupi ndi mpando. Anagwira dzanja langa naliika pa nsaluyo.

"Gwira apa, m'munsimu. Ukumva kufewa? Ndinayamba ndine. Tsopano kwera. Apa palimba ngati chiguduli. M'nyumba muno ndani amakoka ulusi ngati akumanga katundu panjinga?"

Mawu amenewo ankandiuza ndili mwana, pamene ankandiphunzitsa. Ankati munthu wamantha amaoneka pa maluko ake, amafinya chilichonse kuopa kuti chimuthawa. Ndiye onjezani kuti ndinkaluka mothamanga, khutu lili kuchipinda. Ndinayesa kunena kuti mwina ulusi wa masiku ano ndi wosiyana.

"Usandinamize kawiri, mwana wanga."

Ndinavomera. Ndinkadikira kuti akalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Koma anangofunsa motsitsa mawu.

"Unayamba liti?"

"Tsiku lachiwiri, Amayi."

"Ndiye pamene ndinkaitana anthu kudzaona, ndinkawaonetsa ntchito yako."

"Palibe akudziwa, Amayi. Sindinauze munthu."

"Zangazo zinali zoipa chotani?"

Ndikanati sizinali zoipa likanakhala bodza lachitatu. Amayi anasolola singano, napeza nsonga ya ulusi, nayamba kukoka. Anamasula zonse, ngakhale za m'munsi zomwe zinali zawo, akukulunga ulusiwo pa zala pang'onopang'ono mpaka unabwerera kukhala mpira. Atamaliza anati, "Maso ndinawalira kale. Ndimayesa manja ndatsala nawo."

Tsiku lomwelo anayambanso. Koma kuyambira pamenepo kajuziko sanakasiyenso pampando. Ankakaika m'kathumba, pogona n'kutsamira, popita kubafa n'kupita nako. Nyimbo zinatha. Ankawerenga motulutsa mawu, akasokoneza n'kubwerera poyambira. Ine ndinkakhala poteropo ndikuona chibowo chikubadwa, manja anga ndikuwakhalira. Kamodzi kokha ndinalephera kupirira, ndinati, "Amayi, ulusi wapulumuka."

"Ndaumva," anatero, osaima.

M'nyumba sitinayambane ayi. Amandithokoza ndikawapatsa madzi, amandifunsa za kuntchito. Koma amandilankhula ngati mmene amalankhulira ndi namwino wa kuchipatala. Kale ndikamawaperekeza ankandigwira mkono, pano amagwira khoma.

Anamaliza sabata yatha. Mabatani sanandipatse ine, anaitana a Wayilesi kuti adzasokerere ndi kukulunga. A Wayilesi atakatambasula pamiyendo pawo anangoti zii. Amayi anati, "Mwazima bwanji, anzanga? Mabatire atha?"

"Ayi, agogo, ndikusirira mtunduwu. Wachikasu umakhala bwino pa mwana."

"Mtundu ndi wa kumsika, sindinauluke ine. Sokererani mabatani."

Atamanga kaphukusiko, Amayi anaweramira pansi pa mpando natulutsa chitini chija, nachiika m'manja mwa a Wayilesi. Anati mukampatse mwana wanu wamkazi aziphunzirira. A Wayilesi anakana, anakana, koma mukuwadziwa Amayi. M'mawa mwake ndinapita kwa a Wayilesi kukachipempha, ndipo anandipatsa osafunsa kanthu. Chili kuno kuntchito, pashelefu ya pamwamba, kuseri kwa mabotolo a sopo. Amayi sakudziwa. Mwina apanso ndalakwa, sindikudziwanso. Ndinangolephera kuganiza kuti singano zimene zinativeka tonse zikagwiritsidwe ntchito yotokosera m'ngalande.

Panopa amakhala pampando paja kuyambira m'mawa, manja ali pamiyendo. Nthawi zina zala zimayenda zokha, akazindikira amazipinda. Chakudya amangolawa. Ndikawakakamiza amati munthu wosagwira ntchito samva njala. Ndikuopa, achimwene, chifukwa mankhwala a shuga safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo ndikakhala kuno ndikusita ndimangoganiza kuti ndikawapeza atagwa. Dzulo ndinatsala pang'ono kuwotcha malaya a kasitomala.

Tsopano ndikupempheni. Mukamasula kaphukusiko mupeza kajuzi kazibowo, mkono wina wautali kuposa unzake, khosi lopendekeka. Musakakonze. Muwafotokozere alamu bwinobwino, chifukwa ndikudziwa ali ndi luso la singano ndipo dzanja lidzawayabwa ngati mmene linandiyabwira ine. Mumuveke mwanayo mmene kalilimo. Mkati muzimuveka kamalaya kena kokhuthala, ndipo pa mkono wakumanzere pali ulusi wolendewera, muzipinda mkonowo kuti zala zisafikepo. Pogona muzimuvula. Pochapa, madzi ozizira, osafinya, ndipo muziyanika chogoneka.

Lamulungu mukaimba adzakufunsani. Musanene kuti ndi kokongola, adzadziwa. Tonsefe tawanamiza mokwanira Amayiwo. Ngati mwanayo wakavala, nenani kuti wakavala. Ngati akufunda, nenani kuti akufunda. Ngati wasanzirapo mkaka, nenaninso, mwina chimenecho chiwaseketsa.

Ndinaganizanso zokupemphani kuti muwauze kuti mwana akufunika kachipewa, kuti mwina angafunse za chitini chija. Ndalemba, ndafufuta, mukuona pafufutidwapa. Imeneyo ikhalanso njira yanga yomwe ija, yowakonzera zinthu kumbuyo. Ndiye ndingoti, ngati mwanayo akufunikadi kachipewa, pemphani. Ngati ali nato tokwanira, musapemphe.

Chomaliza n'chovuta, ndikudziwa ntchito yanu sakupatsani tchuthi wamba, ndiponso ulendo ndi wautali kwa khanda. Koma bwerani naye, achimwene, akadali kuona kuwala. Zithunzi zomwe mumatumiza ndimawapatsa. Amaika foni pafupi ndi mphuno, n'kuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mphumi ndi ya agogo ake aamuna. Nthawi zambiri amanena zimenezo foni itazima kale. Sindiwauza. Akamugwira ndi manja adzamudziwa, za manja awo sindikukayikanso.

Musawauze kuti ndakuuzani za maso. Kapena auzeni, ngati mukuona kuti ndi bwino. Ine nzeru zandithera, chilichonse ndikagwira ndimachifinya.

Anzanga abwerako ndipo mulu wa nsalu za pabedi ukundidikira, ndilekere pano. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti azipuma mwana akagona, asamathamangire kuchapa. Mwanayo mumupsompsone pamutu m'malo mwa azakhali ake. A Wayilesi akupereka moni, akuti mudzawabweretsere mpango. Okonza njinga aja amakufunsani nthawi zonse.

M'mawa uno ndisananyamuke ndinawafunsa Amayi ngati ali ndi mawu oti dalaivala akakuuzeni. Anati, "Moni wanga ndakulunga kale. Iwe usawonjezerepo kanthu." Choncho wa Amayi uli m'kaphukusimo, mmene anaupangira okha. Wa m'kalata muno ndi wanga ndekha.

Ndine mlongo wanu,
amene akudikira Lamulungu.