Musalandire Makiyi a Wirot

Bangkok
19 Januwale

Okondedwa achemwali a Buaphan,

Landirani moni wochokera kuno ku Bangkok. Kaya muli bwanji kumudziko pamodzi ndi alamu a Thongbai? Nanga Amayi, mawondo aja akuwalola kufika kukachisi? Mafuta amene ndinawatumizira aja azidzoladi, asawabise m'kabati ngati mmene anabisira mpango uja mpaka njenjete zinaumaliza. Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa cha utsi wa m'tauni muno chimene sichindiphonya nyengo ngati ino.

Mpunga womata ndi mtsuko wa nsomba zija zinafika bwino. Kugalaja anzanga anazigwera tsiku lomwelo. Abwana anga a Kiat ankadandaula kuti fungo lake lithamangitsa makasitomala, koma ndi iwo omwe anakombeza mbale ndi chala. Kunyumba kumene ndimakhala akukumba msewu kuyambira mwezi watha, moti zovala ukazianika zoyera umakazianula zofiira. Zimenezo n'zazing'ono.

Kalata iyi ndalemba pamanja dala. Pa foni sindikanatha, chifukwa ndikudziwa kuti foni yanu amakuyankhirani ndi mwana wanu Kanlaya, ndipo nkhaniyi ndi ya iyeyo. Muwerenge muli nokha.

Munandiuza kuti akwawo kwa Wirot akubwera pa 8 Febuluwale kudzamanga nkhani ya ukwati wake ndi Kanlaya, ndipo pa mbale ya malowolo, pambali pa golide, padzakhala makiyi a galimoto ya ku Jeremani. Ndamvanso kuti alamu ayamba kale kuuza anthu kumsika, ndipo akuganiza zogulitsa pikapu yawo. Achemwali, mtima wanga sunakhale pansi chimvereni zimenezi, ndipo tsopano ndili ndi chifukwa.

Mukudziwa kuti zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikumasula magiyabokosi a magalimoto a anthu olemera. Magalimoto othamanga amenewa alipo a mitundu iwiri. Ena giyabokosi yake ndi yofatsa, imasintha magiya mosafulumira koma imakalamba ndi mwini wake. Ena giyabokosi yake ili ndi makilatchi awiri, imasintha magiya ngati kuphethira kwa diso, ndipo anyamata amaifera. Ikasamalidwa ndi yabwino, sindiinyoza. Koma anaipangira misewu yotakasuka ya kwawo kozizira, osati kuno kumene galimoto imakwawa maola awiri padzuwa. Wina akawonjezeranso mphamvu ya injini kuti aziposa anzake pa maloboti, makilatchi aja amapsa pang'onopang'ono. Makasitomala ndimawauza kuti ogula yakale asankhe yofatsa ija, koma ndani amamvera munthu wa oyilo m'zikhadabo?

Mu Novembala kugalaja kwathu kunabwera galimoto yakuda ya makilatchi awiri. Anabwera nayo ndi mkulu wina wogulitsa magalimoto akale, wa magalasi akuda ndi mphete zala zonse. Ikamanyamuka inkanjenjemera ngati munthu wamalungo. Atatsitsa oyilo munatuluka utuchi wa chitsulo wonyezimira, umene umatanthauza kuti m'kati zinthu zikudyana. Mankhwala ake anali amodzi, kuimasula yonse n'kuika zatsopano.

Mkulu uja anaseka. Anati iye si bambo wake wa galimotoyo kuti aziilera, akungofuna ikhale chete miyezi itatu basi, ikatero ikalirire kwa eni ake atsopano. Abwana anavomera. Anaithira oyilo wolemera wobisa phokoso, anapukuta utuchi uja, n'kufufuta chenjezo mu kompyuta yake. Potuluka mkuluyo anapatsidwa malangizo atatu oti isaulule msanga. Ikaima paliponse azichotsa giya. Pa mzere wa magalimoto asamakwawe, azidikira mpata utseguke kenako n'kupita kamodzi. Ndipo ikatentha asamaibweze m'mbuyo pokwera.

Pali chinanso choti mudziwe. Kugalaja kwathu makaniko aliyense ali ndi mtundu wake wa penti. Akamanga bawuti amadonthezapo kadontho, kuti zikadzavuta adziwike amene anagwira. Wina wofiira, wina woyera, wina wobiriwira. Mabawuti a pansi pa galimoto imeneyo anadonthezedwa penti wachikasu.

Tsopano za Wirot. Mutandiuza za makiyi ndinamuimbira foni kuti malume wake wa Kanlaya akufuna kuona galimoto. Koyamba anati ili kotsukitsa. Kachiwiri anati waibwereketsa kwa mnzake. Ndinadabwa kuti galimoto ya malowolo n'kubwereketsa ngati khasu. Lamlungu lapitali masana ndi pamene anabwera kudzanditenga kuti tikadye bakha.

Ulemu ali nawo, zimenezo sindingamunamizire. Anagwiranitsa manja mpaka pamphumi, amalume apa, amalume apo, n'kunditsegulira chitseko ngati ndine nduna. Galimoto yake ndi yakuda, yonyezimira moti ndinadziona imvi zanga pa chitseko. Kumbuyo anamata kapepala kolembedwa kuti galimoto iyi ndi yobiriwira. Anati Kanlaya anabadwa Lachitatu, mtundu wake wamwayi ndi wobiriwira, ndiye wowombeza anamuuza kuti kapepalako kakonza zonse. Anandionetsanso nambala yake, kuti mukaiphatikiza imakwana naini, nambala yamwayi, ndi madontho oyera amene amonke, ansembe a kukachisi aja, anapaka kudenga podalitsa. Zonsezo anazifotokoza mpaka thovu kukamwa. Za giyabokosi sanatchuleko ngakhale kamodzi.

Ndinamufunsa kuti mwini wake woyamba anali ndani. Anati anali mayi wina dokotala, wachikulire, amene ankangopita nayo kukachisi ndi kubwerera. Achemwali, magalimoto onse akale a mu Bangkok muno anali a mayi dokotala ameneyu. Ndikanakonda kudzawaona mayiwa tsiku lina, chifukwa ali ndi magalimoto ambiri kuposa boma.

Tinanyamuka. Ine maso anga sanali pa msewu, anali pa dzanja lake. Titaima pa maloboti oyamba anachotsa giya. Ndinati mwina zangochitika. Pa achiwiri anachotsanso. Titalowa mu mzere wa pa mlatho, anzake akukwawa, iye anaima nji mpaka a kumbuyo anayamba kuliza mahutala, kenako anapita kamodzi. Apo ndinakumbukira malangizo aja a mu Novembala. Titafika kodyera bakha kuja panali malo abwino pakhomo penipeni, ofunika kungobwerera m'mbuyo pang'ono pa kachitunda. Mlonda anachita kumukodola. Iye anapitirira n'kukaimika kutali padzuwa, akuti kuyenda pansi kumathandiza kuti chakudya chilowe bwino.

Tikudya ndinamufunsa mwachifatse chifukwa chimene amachotsera giya paliponse. Anati ndi chizolowezi chimene anatengera kwa bambo ake. Kodi si inu munandiuza kuti bambo akewo moyo wawo wonse akhala akuwolotsa anthu pa boti, ndipo ngakhale njinga yamoto sanaigwirepo? Ndinangomeza bakha wanga.

Kenako ndinamupempha kuti abwere nayo kugalaja ndidzaikweze, ndione pansi, mwaulere, ngati mphatso ya malume. Anaseka kwambiri. Anati inu amalume a m'magalaja, ngakhale nkhuku yoti ikuikira mazira mukhoza kuipeza ndi matenda, chitsulo cha ku Jeremani sichidwala chimfine. Nditalimbikira anasintha nyimbo. Anati amonke amene anaidalitsa analamula kuti isamasulidwe bawuti ngakhale imodzi ukwati usanachitike, madalitso angatayikire pansi. Achemwali, ine ndinavalapo mkanjo wa amonke miyezi itatu Abambo atamwalira, mukukumbuka. Malamulo ndinawaloweza mpaka mutu kuwawa, koma loletsa kuona oyilo sindinalimvepo.

Pobwerera ku galimoto ndinagwetsa dala chipewa changa pafupi ndi tayala. Anali ataimika mbali imodzi pamwamba pa mwala wa m'mphepete mwa msewu, choncho pansi pankaoneka. Ndinagwada n'kusuzumira. Timadontho tachikasu tinali pomwepo, pa bawuti iliyonse. Wirot anandidzutsa msangamsanga, akuti amalume mudetsa thalauza.

Ndayesetsa kumuganizira zabwino, chifukwa Kanlaya amamukonda ndipo ine ndimamukonda Kanlaya. Mwina anamumata phula m'maso. Mwina wa mphete uja anamuuza kuti magalimoto a mtundu umenewu amayendetsedwa choncho, iye n'kukhulupirira. Anyamata ambiri amagula nambala ndi mtundu wa penti, pansi osayang'anako. Koma munthu wopusitsidwa sakana kuti malume amuonere galimoto mwaulere, ndipo sanamizira bambo ake ndi amonke tsiku limodzi. Ine ndikuona kuti akudziwa. Anaipeza motchipa chifukwa ndi yodwala, ndipo akufuna ingopirira mpaka anthu a m'mudzi aione, ajambule zithunzi, ukwati uchitike. Zikadzavuta adzati Kanlaya sadziwa kuyendetsa.

Chikundiopsa si manyazi a galimoto kufera pamsika ayi. Giyabokosi yotere ikamafa siitsanzika. Imataya giya mwadzidzidzi, injini n'kumangolira, matayala opanda mphamvu. Taganizani Kanlaya ali pa msewu wa kwathu uja nyengo ino ya mzimbe, watuluka kuti apitirire lole, kutsogolo kukubwera ina, Amayi ali kumbuyo akupita nawo kuchipatala. Ndipo ngakhale galimotoyo itapanda kupha munthu, mwana wanu adzakhala ndi mwamuna amene anayamba banja ndi bodza loika moyo wake pachiswe, ataliika pa mbale pamaso pa Amayi.

Pempho langa ndi limodzi. Pa 8 paja musalandire makiyi amenewo ndisanafike. Ndikwera basi ya pa 7 Febuluwale, ndibwera ndi sipanala ndi mbale yoyera. Pamaso pa mabanja onse awiri ndidzapempha kutsitsa oyilo wokwana kapu imodzi. Miyezi iwiri yapitapo, utuchi uja wabwereranso, ndipo m'mbale yoyera ngakhale Amayi ndi maso awo aja adzauona. Chimene chidzatuluke ndikuchidziwa kale. Chimene sindikudziwa n'chakuti Wirot adzatani ndikamagwada. Akadzandigwira phewa n'kunena zoona yekha ndisanamasule, ndiye kuti umunthu ulimo, tikhoza kukhala pansi n'kukambirana, ngakhale atabwera wapansi. Akadzayambanso za amonke, inu ndi alamu mudzadziwa chochita. Pikapu ija isagulitsidwe, alamu muwanyengerere mmene mumadziwira.

Ndikudziwa mudzati ndikufuna kukuchititsani manyazi pamaso pa alendo, ndipo mudzi udzatinena mpaka Chaka Chatsopano. Zoona, udzatinena. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo manyazi aakulu pa tsikulo sadzakhala anu. Wirot kapena akwawo adzandifunsa kuti ndadziwa bwanji za m'kati mwa galimoto imene sindinaitsegule, ndipo ndidzayenera kuyankha anthu onse akumva. Nkhani ikadzafika kwa a Kiat, ntchito yanga idzathera pomwepo. Zimenezo ndaziganizira kale ndipo ndavomera.

Ndakhala ndikuzungulira kalata yonseyi ngati Wirot pofuna poimika galimoto. Achemwali, penti wachikasu kugalaja kwathu ndi wanga. Oyilo uja ndinathira ndine. Utuchi ndinapukuta ndine, ndipo malangizo atatu aja anatuluka pakamwa panga. Abwana atalamula sindinatsutse ngakhale liwu limodzi. Ndinadziuza kuti m'tauni ya anthu ochuluka chonchi idzagwera munthu amene sindimudziwa, ndipo ndinasamba m'manja n'kupita kukadya. Sindinaganize kuti munthu wosamudziwayo nayenso ali ndi malume wake. Ndili ndi manyazi kwambiri, ndipo sindikupempha kuti mundikhululukire msanga.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndikubwera ndi mankhwala ena a mawondo, zinazi musawauze kaye. Moni kwa alamu a Thongbai, kwa azakhali a Lamduan ndi ana awo, ndi kwa msuweni wathu Prasong, amene ndikumupempha andibwereke jeke wake wokwezera galimoto pa tsikulo. Kanlaya mumupatse moni wanga ndipo mupeze chifukwa chilichonse choti asakwere galimoto imeneyo, ngakhale kungopita pamsika. Za penti wachikasu musamuuze. Ndinamunyamula kumsana ali khanda, ndiyenera kumuuza ndekha ndikumuyang'ana m'maso.

Tsalani bwino mpaka tionane m'mawa wa pa 8 Febuluwale.

Ndine mlongo wanu,
Samran