Pampando Umodzi ndi Apongozi

Lolemba, 8 Seputembala 2025

A Chikhumbo, malume ake a malemu mkazi wanga Fainess, afika m'mawa ndikutsuka njinga yamoto. Akuti pa 20 abale akumana, nkhani yake yondisudzula. Chaka chakwana chimwalirire F., choncho si zachilendo. Ndine mkamwini, mudzi uno wa kwa Wimbe si wanga. Akandimasula ndibwerera kwathu kwa Lukwa, mwana wathu Sellah atsala kuno kuchikazi. Wangoyamba kumene fomu 1.

Ndikudziwa akamwini asanu ndi mmodzi amene akazi awo anamwalira. Anayi anachoka, mmodzi anatsala, wina anamwalira nkhani isanakambidwe. Nambala zikuti ndiyambe kumanga katundu.

Mawu amene adzalemere ndi a apongozi, aNabanda. Koma akuganiza chiyani? Zaka 16 sitinayankhulanepo. Tikakumana panjira iwo amapatukira paudzu, ine ndimavula chipewa n'kuyang'ana kumbali. Uthenga uliwonse unkadzera mwa F.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Anzanga fodya wamera kale kumadimba. Ine chaka chino nazale sindinalime n'komwe. Mlangizi wa zaulimi wopanda nazale, anthu akunong'onezana. Koma kufesa mbewu yoti udzaisiye pabedi n'kupanda nzeru.

Lachitatu, 10 Seputembala

Msonkhano wa kalabu yathu ya alimi. Msika wa fodya watha, ndiye agwirizana zokagona tsiku limodzi kumalo atsopano aja a m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe, kumene kuli akatungwe a magetsi, dziwe losambira ndi zipinda zogona. Ana sapita, akuti ulendo wa akuluakulu okha.

Ine ndinati bwanji tipite ku Lifupa tikaone njovu, tiphunzirepo kanthu. A Sunganani, apampando: "Njovu n'za kwanu kwa Lukwa, alangizi, zimakudyerani chimanga. Ife tikufuna kukazungulira." Mavoti 31 kwa 1.

Ndawerengapo pafoni chifukwa chimene akuluakulu amakondera malo otere. Akuti mantha opanda ngozi yeniyeni amasangalatsa thupi, komanso munthu amakumbukira ubwana. Choyambacho chikumveka. Chachiwiricho ayi. Ubwana wa anthu awa unali wosoka fodya m'chigafa, akavalo a pulasitiki sanawaonepo.

Pamndandanda wa opita pali dzina la aNabanda. Ndawerenga kawiri.

Lachisanu, 12 Seputembala

Tafika masana. Ndakhala pabenchi n'kumaonerera.

A Sunganani, mkulu wa mpingo wathunthu, jekete avula, ali m'kagalimoto kogundana akuthamangitsa a Hussaini a golosale. A Hussaini kofiya ili m'manja, akukuwa kuti, "Achimwene, mundipha ndisanaswali!" Atatsika ndinawafunsa apampando kuti chokoma n'chiyani. Akupuma wefuwefu anati, "Alangizi, kumudzi ine nditakuwa, anthu angathamange kuti kwagwa zovuta. Pano ndakuwa kasanu, palibe wandifunsa."

A Ezelina, mmodzi wa amayi a m'kalabu, yankho lawo lina. Akuti lero sanatunge madzi, sanasonkhe moto, koma asamba otentha ndipo adya. Mbale anangoisiya patebulo, n'kumacheuka kuopa kuti wina awaitana.

Zimene ndaona ine: pachipata aliyense amuveka kachingwe kapepala pamkono, kofanana. Wapampando, wamasiye, mwini golosale, onse pamzere umodzi. Za pafoni zija izi sanalembe.

Sindinakwere chilichonse.

Loweruka, 13 Seputembala

Ndilembe mwadongosolo.

Pali chiwilo chachikulu chokhala ndi mipando ya anthu awiriawiri, chimakweza anthu m'mwamba n'kuwatsitsa. A Sunganani analamula kuti basi sinyamuka aliyense asanakwere chiwilocho. Ndinachizungulira kaye kuona mabawuti, kenako ndinaima kumapeto kwa mzere. Sindinaone kuti amene ali patsogolo panga, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha dzuwa, ndi apongozi.

Mayi woyendetsa chiwilocho ndi wa m'tauni, sakutidziwa. "Awiriawiri! Agogo apa, abambo apa, changu!" Ndisanatsegule pakamwa anali atatitsekera chitsulo pamiyendo. Pansi a Ezelina anakuwa: "Mayo, mkamwini ndi apongozi!" Chiwilo chinanyamuka.

Iwo anayang'ana kumanzere, ine kumanja. Pakati pathu mpata wa chikhatho chimodzi. Ndinaona minda yopsa, zigafa zopanda kanthu, phiri la Kasungu chapatali. Titafika pamwamba penipeni chinaima kuti ena atsike, mpando n'kuyamba kugwedera. Ndinangomva dzanja landigwira pamkono, zolimba.

"Bambo a Sellah, tigwa?"

Mawu oyamba m'zaka 16. Ndinati sitigwa amayi, mabawuti ndawaona ndi atsopano. Sanandisiye. Nkhope ili kumbali anati, "Nazale simunalime."

Ndinavomera.

"Ndiye kuti mwatopa nafe. Mwapeza wina kwanuko."

Ndinati ayi amayi, ndimayesa mundichotsa, ndiye ndifeserenji.

"Akuchotsani ndani? Ine mwezi wathawu m'mawa uliwonse ndimapita kudimba kukaona ngati mwakweza mabedi. Tsiku ndi tsiku, udzu wokhawokha. M'pamene ndinauza achimwene kuti mwana wa eni tisamumange, timumasule azipita."

Ine amene ndimauza alimi kuti asamaganizire, azipita kukaona.

Chiwilo chinayambanso kuyenda. Anakuwa kamodzi, kenako anaseka, kuseka kwenikweni, ngati kwa F. Titafika pansi anachotsa dzanja, anakoka chitenje kumaso n'kupita kwa amayi anzawo. M'basi anakhala kumbuyo, ine kutsogolo.

Lamulungu, 14 Seputembala

Zikhadabo zawo zasiya mabala anayi pamkono. Sellah wafunsa, ndati ndi waya.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Ndalima mabedi atatu, ndachedwa ndi masabata atatu. Pobwera ndakumana ndi apongozi panjira ya kumjigo. Apatukira paudzu monga kale.

Ndiyang'ane zoona zake. Mawu aja ananena ali ndi mantha, m'malere, popanda mboni. Sananene kuti khalani. Msonkhano sunalephereke. A Chikhumbo ali ndi ana aamuna awiri amene munda wa F. angaufune, ngakhale mwamwambo si wawo. Sellah sindinamuuzebe chilichonse, koma dzulo wandichapira malaya onse, ngakhale oyera kale, n'kuwabisa m'chikwama chake cha kusukulu.

Loweruka, 20 Seputembala

Tinakhala pakhonde la a Chikhumbo, anthu khumi ndi awiri. Kuchokera kwathu kunabwera akulu anga a Yobu. Apongozi anakhala kuseri kwa chipupa, monga mwa nthawi zonse ine ndikakhalapo, tikungoona mapazi.

A Chikhumbo anayamba bwino. Anati ndinasamala mwana wawo mpaka tsiku lomaliza, mudzi ulibe nane chifukwa, ndikadali mwamuna wamphamvu, choncho asandichedwetse. A Yobu anayamba kuwomba m'manja kuti athokoze.

Mapazi aja anasuntha. ANabanda anatulukira, n'kukhala pamphasa moyang'anana nane.

"Bambo a Sellah, pasakhale wokuyankhirani. Mukufuna kupita?"

Ndinati sindikufuna, amayi.

"Mwamva nonse. Nyumba ndi yake, munda alima, mwana alera yekha. Akadzafuna kukwatira adzandiuze ine."

A Chikhumbo anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana ine. "Kodi inu awiri mwayamba liti kuyankhulana?"

"Kumwamba," anatero apongozi. "Inu munakana kupita, achimwene, ndiye simungazimve."

Anthu anaseka, a Chikhumbo sanaseke, koma sanatsutse. Ndinagwada kuti ndithokoze. Apongozi anadzuka, nadzikutumula, nafika mpaka pangodya ya nyumba. Pamenepo anaima, osacheuka.

"Mawa mukatuluka m'tchalitchi mubwere ndi mwanayo. Mudzadye kwathu, m'nyumba."