Nyimbo Zikugunda, Koma Thiraki ya Malume Yasiya Kuchenjeza pa Rivesi

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndipo ndinamaliza digiri ya zamagetsi chaka chatha. Makalata ofunsira ntchito ndalemba mpaka zala kuuma, yankho ndi limodzimodzi: "Tikuimbirani." Ndatopa ndi kuyang'anitsitsa foni. Ndiye ndinaganiza zoyamba ntchito yangayanga, yoika zoimbira m'galimoto, koma mwaukadaulo, osati zomwe timaona m'magalaja muno zosenda waya ndi mano n'kukulunga kapepala ka pulasitiki.

Kasitomala wanga woyamba ndi malume anga, amene ndikukhala nawo. Ali ndi thiraki yatsopanoko yonyamulira matabwa ndi simenti, ndipo amaipukuta m'mawa uliwonse iwo eni asanasambe n'komwe. Sabata ino apita kuchipatala chachikulu kukapimitsa khosi lawo, abwera Lachisanu. Pochoka anandiponyera makiyi n'kunena kuti, "Mphwanga, ndidzapeze magalasi akunjenjemera. Loweruka ndaitana madalaivala anzanga onse adzamve. Akakonda, makasitomala ako ndi amenewo."

Ndinagwira ntchito, Aphungu, sindikudzitama. Ndinazula wailesi yomwe inabwera ndi galimotoyo n'kuika yatsopano ya sikirini. Ampulifaya yokweza mawu ndinaiika kaye kuseri kwa mpando, pamodzi ndi chisipika chachikulu. Nditayatsa, akazi a malume, amene ndimawatcha azakhali, anatuluka m'khitchini akuthamanga, akuti makapu ayamba kuyenda okha pashelefu.

Vuto linaoneka Lachiwiri. Ndinkafuna kusendeza thirakiyo pamthunzi, ndinaika rivesi, ndiye ndinangomva kuti phwanyu! Beseni lachitsulo la azakhali, lomwe amachapiramo, linali litasanduka ngati chivindikiro. Pabampala yakumbuyo pali timasensa tinayi tooneka ngati mabatani. Galimoto ikamabwerera m'mbuyo n'kuyandikira chinthu, mkati mumalira kuti ti, ti, ti, ndipo kulirako kumafulumira chinthucho chikamayandikira. Tsikulo kunali zii. Ndinazimitsa nyimbo n'kuyesanso pakhoma la mpanda. Zii.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti malume satha kucheuka. Khosi lawo linauma kalekale, akafuna kuona kumbali amatembenuka thupi lonse. Pobwerera m'mbuyo amangodalira kulirako, ndipo amakonda kudzitama kuti, "Ine maso akumbuyo ndinachita kugula." Bwalo lathu ndi lopanikizika, ndipo mpopi uli kumbuyo kwenikweni kwa pomwe thiraki imagona. Beseni lija ndalibisa kunsi kwa bedi langa. Azakhali akuganizira mayi wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo dzulo sanamuyankhe moni.

Koma kunena zoona, chomwe chikundizunguza mutu kwambiri ndi chidwi. Palibe waya ngakhale mmodzi yemwe ndinadula. Mafyuzi onse ali bwino, ndawayeza ndi mita. Ndikamanga handibuleki, n'kutembenuza kiyi osaliza injini, n'kuika rivesi, ndikagusa kasensa ndi chala ndimamva kakugunda pang'onopang'ono ngati mtima wa mwanapiye. Ndiye kuti timasensati ndi tamoyo, tikugwira ntchito. Nanga mawu apita kuti? Chithunzi cha mawaya chomwe ndinapeza pa intaneti chikuonetsa kabelu koliza chenjezolo kuseri kwa dashibodi. Ndamasula zomasula zonse, kabelu kulibe. Kodi kulira kumachokera kuti m'galimoto yopanda choliza?

Ndinadzichepetsa n'kupita kwa mdala wina wokonza magetsi a galimoto kuseri kwa msika, amene aliyense amangomutcha a Fyuzi. Chida chawo chachikulu choyezera moto ndi babu lomangirira kumsomali. Ndinafotokoza zonse bwinobwino, ndi chithunzi chomwe. Iwo osadzutsa ngakhale mutu, anangofunsa kuti, "Injiniya, wailesi yakale mwaiika kuti?" Ndinati ili pamwamba pa wadiropu, ndi yachikale. Iwo amvekere, "Ohoo. Ndiye ikupuma bwinotu kumeneko." Basi, n'kupitiriza kupala waya wawo. Ndinaona kuti akungofuna ndiwapatse wailesiyo ulele, ndipo ndinachoka nditakwiya. Anthu akalewa n'chifukwa chake zinthu sizisintha, nzeru amazikhalira.

Mafunso anga ndi atatu. Kodi mawu aja abisala kuti? Chachiwiri, ndikufuna kusamutsira ampulifaya kunsi kwa mpando kuti pazioneka mwaudongo, koma pali pulagi yachikasu yomwe ikutchinga. Ndingaizule n'kuisendeza? Chachitatu, kodi malume ndiwauze, kapena ndingokhala chete mpaka Loweruka lidutse, ndidzakonze bwino pambuyo? Mwayi ngati uwu sindidzaupezanso msanga.

T.N., m'tauni muno

*

Mwana wanga T.N.,

Kalata yako yandikondweretsa. Munthu amene amagusa sensa ndi chala kuti amve ngati ili moyo ndi mmisiri weniweni, ntchito imeneyi ikukuyenera. Koma khala pansi, chifukwa zina zomwe ndinene siziwakomera makutu ako.

Ndiyambe ndi funso lomaliza, poti ndi lomwe lili ndi magazi. Malume ako uwauze lero, pafoni, usanadye n'komwe. Usadikire Lachisanu. Munthu amene wasiyana ndi galimoto yake sabata yathunthu akangofika amafuna kuiliza, ndipo mwina iwe udzakhala utapita kogula tepi. Makiyi onse, ndi apadera omwe, akhale m'thumba mwako mpaka vutoli litatha. Thiraki imeneyo isayende.

Tsopano za mawu osowawo. A Fyuzi anakuyankha kale, iwe ndiwe amene sunamve. Galimoto zambiri za masiku ano sizikhala ndi kabelu kapadera. Masensa akaona chinthu amatumiza uthenga ku kompyuta ya galimoto, kompyutayo imauza wailesi, ndipo wailesi ndi yomwe imachepetsa nyimbo n'kutulutsa ti, ti, ti uja kudzera m'masipika omwewo a nyimbo. Maso ali pabampala, koma pakamwa pali pawailesi. Iwe unazula pakamwa n'kukaika pamwamba pa wadiropu. Wailesi yako yatsopanoyo ndi yokongola, koma chinenero cha kompyuta ya thirakiyo sichidziwa. Uthenga ukufika pakhomo, wowerenga palibe.

Nanga chithunzi chako chija? Ndikukayika ngati chili cha galimoto yomweyo. Opanga amasintha mawaya chaka ndi chaka, dzina la galimoto likhale lomwelo. Yang'ana nambala yaitali yomwe imakhala pachitseko cha dalaivala kapena pansi pa galasi lakutsogolo, ufufuze chaka chenicheni, ndipo upeze chithunzi chogwirizana nacho. Kusukulu anakuphunzitsa kukhulupirira pepala. Kugalaja uphunzira kuti pepala ndi galimoto zikatsutsana, wolakwa si galimoto.

Njira zilipo ziwiri. Yofulumira ndi kutsitsa wailesi yakale n'kuibwezera m'malo mwake. Ampulifaya yako siiwonongeka. Pali kabokosi kakang'ono kamene kamatenga mawu pa mawaya a masipika a wailesi yakale n'kuwachepetsa mphamvu kuti ampulifaya iwalandire, ndipo m'masitolo a zoimbira amakadziwa. Ukatero nyimbo zigunda, chenjezo libwerera. Ungosamala pochuna, chifukwa ampulifaya ikulitsanso kulira kuja, ndipo malume angadumphe n'kuwonjezera vuto la khosi. Njira inayo ndi kusunga wailesi ya sikirini n'kugula chida cholumikizira chopangidwira mtundu ndi chaka cha thirakiyo, chomwe chimamasulira uthenga wa kompyuta. Chimenecho nthawi zambiri amachita kuitanitsa. Chikapanda kufika Lachisanu, yakale ibwerere, osakambirana. Madalaivala a Loweruka adzabwera ndi makutu, sikirini sadzaimva.

Pulagi yachikasuyo uisiye momwe ilili. M'galimoto zambiri chikasu ndi chizindikiro cha mawaya a matumba a mpweya aja amene amafufuma pangozi, komanso a malamba a mipando. Usaizule, usaisendeze, usaiyeze ndi mita yako, ndipo babu la a Fyuzi lisayandikireko. Ukaiseweretsa, mwina thumba liphulikira nkhope yako, mwina lidzakana kufufuma tsiku lomwe malume akulifuna. Ampulifaya ikhale kuseri kwa mpando komwe ili, uimange zolimba, mpweya uzidutsa. Udongo womwe umafuna kuzula pulagi yachikasu ndi udongo wa m'bokosi la maliro.

Poti ubwereranso m'mawayamo, unikanso izi. Usanakhudze kanthu, masula waya wa nekativi pabatire n'kudikira mphindi zingapo. Moto wa ampulifaya uchokere kubatire mwachindunji, fyuzi ikhale pafupi ndi batirelo, osabera moto pa waya wa chinthu china. Waya wonenepa wa motoyo adutse mbali yake, kutali ndi mtolo wa mawaya opita kubampala. Waya wa efi, wobwezera moto kuthupi la galimoto, umumange pachitsulo chopala bwino, pabawuti yakeyake. Ndipo usaboole paliponse usanaone ndi maso ako chomwe chili kuseri.

Za a Fyuzi: bwerera. Mdala uja sanafune wailesi yako. Anakupatsa yankho m'funso limodzi, n'kudikira kuti aone ngati ufunsa kuti chifukwa chiyani. Iwe unatenga chithunzi chako n'kunyamuka. Amisiri akale ambiri amaphunzitsa choncho, n'zotopetsa, ndikuvomereza, koma manja awo alowa m'madashibodi ambiri kuposa mabuku omwe iwe watsegula. Upite, upereke moni wabwino, unene kuti, "Bambo, ndamva tsopano." Uwapemphe adzaone ntchito yako isanatsekedwe. Iwo ali ndi zaka, iwe uli ndi mita ndi intaneti. Kusintha komwe ukufunako kukhoza kuyambira pabenchi pawo pomwepo.

Kenako tulutsa beseni kunsi kwa bedi. Uwaonetse azakhali, upepese, ndipo upite nawo kwa mayi woyandikana nayeyo kuti moni abwerere. Uwapezere lina, koma lophwanyikalo usalitaye, ndi chida chako choyamba choyesera. Ukamaliza kukonza, liimike kumbuyo kwa thiraki, pampopi pomwepo, pasakhale munthu aliyense. Kweza nyimbo mpaka makapu ayambenso kuyenda, uike rivesi, ubwerere pang'onopang'ono. Ngati ti, ti, ti sakumveka bwino pamwamba pa nyimbo, ntchito sinathe. Loweruka uchite zomwezo pamaso pa madalaivala aja, ndipo uwauze nkhani yonse osabisa. Ogunditsa nyimbo adzaza tauni yonse. Woti angaonetse kuti nyimbo zikugunda koma galimoto ikuonabe kumbuyo, sanamuonepo.

Chenjezo langa ndi ili. Usanaganizenso zokhala chete mpaka Loweruka, litenge beseni lija uliyang'anitsitse. Ukumbuke kuti m'mawa uliwonse, nthawi yomwe malume amaliza injini, azakhali ako amakhala atawerama pampopi paja akuchapa, pomwe linali beseni limenelo.

Aphungu