Dzuwa Lophika Chisanu

Lolemba, 9 Juni

Lero kwabwera mayi woika sola, watumidwa ndi mwana wathu wa kutauni. Nkhani yake ndi jakisoni wa shuga wa Boma, ndiye kuti akazi anga. Mankhwalawo amafuna pozizira. Tinkasungitsa mufiriji ya kugolosale, koma magetsi atazima kabotolo kanawonongeka, Boma n'kugwa pakhonde. Sindifuna kuzionanso.

Mayi Mawaya (ndawatcha choncho, mawaya m'khosi ngati mikanda) afunsa: "Bambo, katundu wanu ndi wochuluka bwanji?" Ine kuloza Boma: "Ndi uyu, ndinasenza kalekale, sinditula." Chikho cha Boma chandipeza pamsana.

Kani katundu wake ndi zinthu zodya magetsi.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinalawira kusanja zinthu pabwalo monga mwa kulemera kwake, kuti ndiwathandize. Kafiriji kamene mwana watumiza kutsogolo, TV pakati, ayironi kumapeto. Mayi Mawaya aseka mpaka kukhala pansi.

Kenaka atulutsa pepala la zoyezera. Abale! Ayironi, kanthu konyamula ndi dzanja limodzi, kamameza ngati fisi. Firiji imadya pang'onopang'ono, koma siipuma usana ndi usiku, ngati alamu anga akabwera kudzacheza. Batire akuti ndi nkhokwe: masana ukolola dzuwa, usiku utapa.

Kukolola dzuwa! Ndakalamba likundiotcha dazi, osadziwa kuti ndi mbewu.

Lachinayi, 12 Juni

Sola ilipo yaing'ono, yapakati ndi yaikulu. Mwana akwanitsa yapakati. Mayi Mawaya akuti inyamula firiji, mababu ndi foni, n'kutsalako chakudya cha masiku a mitambo. TV yanga yaikulu ija ayi, pokhapokha dzuwa likaswa mtengo.

Ndati: "Nanga ndikamaonera motsitsa mawu? Kapena ndi diso limodzi?"

Sanaseke. "Bambo, kukachita mitambo mudzasankha nokha, mpira kapena mankhwala."

Boma linali pomwepo, likusoka, osadzutsa mutu. Ndati yapakatiyo ibwere.

Loweruka, 14 Juni

Aika. Galasi lakuda padenga, lopanda moto, lopanda utsi, lili phee. Koma firiji ikung'ung'udza! Ndakwera pamakwerero kukaligwira, kutentha. Ndatsika kukapisa dzanja mufiriji, kuzizira. Ndakweranso. Boma lati ndikathyoka mwendo lindisunga momwemo.

Lachitatu, 18 Juni

Mitambo kuyambira dzulo, kamvula kowaza. Pabokosi la batire pali timagetsi tobiriwira, tikuzima kamodzikamodzi ngati mano anga.

Masana kwabwera Chimkwapulo, mnzanga wa bawo, ndi gulu lake, mafoni m'manja. Ati lero timu yathu ikusewera, yatsa TV. Ndawauza kuti TV yasala kudya. Ati: "Iwe, mkazi wakudyetsa chiyani?" Ndati shuga. Apita akutukwana. Zigoli ndazimvera kwa ana a pamsewu. Akuti tachinya, koma sindikudziwa kuti ndani.

Mababu sitinayatse. Tadya kusanade.

Lachinayi, 19 Juni

Mitambo yomweyo. Katsala kagetsi kamodzi. Ndakhala ndikukayang'ana ngati mlonda.

Lachisanu, 20 Juni

Ndadzuka m'mawa, m'nyumba muli zii, firiji osamveka. Ndaima pamenepo, kuopa kutsekula.

Boma landikankhira pambali, latsekula lokha, latenga kabotolo n'kundigunditsa patsaya. Kozizira ngati mwala wa mumtsinje! Nthawi yomweyo firiji n'kuyambanso nyimbo yake. Kani imapumako ikakhuta. Kagetsi kaja kakadali kobiriwira. Kunja dzuwa silikuoneka n'komwe, koma galasi lija likutolabe khunkha m'mitambo.

Ndabaya Boma jakisoni. Ndimati ndinenepo kanthu koseketsa, koma nthabwala zinandithawa.

Landiyang'ana. "Bambo, mwangoti duu. Mwadwala?"

Kenaka lasendera pabenchi kuti ndikhale.