Bambo asiya kumwa madzi

Bairo Degue, Tete

Achemwali a Zulmira,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kwathu ku Tsanganoko. Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la Tete mukulidziwa, tomato wanga akuvundira pabenchi masana asanakwane.

Za bambo sizili bwino, ndipo ndikulemba mtima ukuwira. Lolemba ndinapita nawo kuchipatala cha kuno ku Tete. Dotolo anati munthu wa zaka zawo sapimidwa pamene pakupweteka pokha, amapimidwa thupi lonse. Anawakweza pasikelo, anawayeza magazi ndi maso, anawauza adzuke pampando ayende mpaka pakhomo. Kenako anafunsa kuti ine ndine ndani wawo. Nditati mwana wawo wamkazi, ananditulutsa panja.

Pondiitananso ndinapeza bambo atazolika. Dotolo anandiuza kuti njira ya mkodzo yakhala ikutsekeka pang'onopang'ono, tsopano impso zayamba kuwonongeka. Anati ndi matenda ofala mwa amuna okalamba, ndipo akanadziwika chaka chatha sakanafika ku impso. Anatsegula kabuku kawo ka kuchipatala cha kwathu. Maulendo asanu ndi awiri, tsamba lililonse palembedwa msana, msana, msana.

Chifukwa chake mukuchidziwa? Maulendo onsewo mlongo wathu Carlos ankatuma mkazi wake Lara kuti awaperekeze, iye ali kalikiliki ndi matumba a batata pamsewu. Lara, pofuna kuthandiza, ankalowa nawo mpaka m'chipinda chopimira. Ndiye munthu ngati bambo, amene sameza ndi madzi omwe mpongozi akuwaona, akanatchula za mkodzo Lara atakhala pambali? Ankangoloza msana, kulandira mapiritsi, ulendo wa kunyumba. Lara ndilibe naye mlandu. Mwana wamwamuna m'nyumba mwathu ndi mmodzi, ndipo mwambo amaudziwa bwinobwino.

Pano awaika kapaipi ndi kathumba kolandira mkodzo. Pafunika kukhuthula, kutsuka, kuwasambitsa. Ine sangandilole, ndiye akuchita zimenezi ndi amuna anga a Vicente, mkamwini. Bambo amangotembenukira kukhoma misozi ili chuchuchu. Dotolo analamula kuti azimwa madzi ambiri, koma kuyambira Lachitatu akukana kapu, kuti kathumba kasadzaze, mkamwini asawagwirenso. Ndi kutentha kwa kuno milomo yawo yauma gwa. Ndawagwadira, ndalira, akungoti ludzu alibe.

Carlos ndamuimbira kanayi. Akuti ino ndi nyengo yokumba, ogula akumudikira, adzabwera zikatha.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amalume a Hilário ndi pepala la dotolo limene ndaika m'kalatamu, amukweze Carlos minibasi ya shapa Loweruka lomwe lino. Musamunyengerere ngati mwa masiku onse, achemwali, inu ndi amene munamuwononga. Kuno ndamukonzera kale beseni, sopo ndi mphasa pafupi ndi bedi la bambo. Azikhuthula yekha m'mawa ndi madzulo mpaka fungo limulowe m'zikhadabo, ndipo chakudya azidya chotsala, ine nditakhuta.

Akapanda kubwera bambo n'kutisiya, mumuuze mawu awa osachotsapo ngakhale limodzi. Pamaliro ndidzaimirira ine, munthu wamkazi, ndiwerenge kabuku kaja tsamba ndi tsamba pamaso pa mudzi wonse ndi a mpingo. Bokosi sadzaligwira, dothi sadzaponya, ndipo dzina lake lidzanunkha mpaka kumsika kumene amagulitsa batatayo. Mulungu andikhululukire, koma ndalumbira.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa Lara ndi ana onse. Kwa Carlos moni wanga palibe. Koma bambo andiumiriza kuti ndilembe wawo. Akuti mwana wawo musamuvutitse, ayambe wamaliza kukumba, iwo adikira.

Ndine mng'ono wanu,
Felismina