Ganimede Mumthunzi, Bambo M'bokosi

8 Julayi, Christchurch
Chisanu choluma zala. Atipatsa ulendo umodzi wokha, Lachisanu usiku. Mwezi uno ukatha, ndege yonyamula telesikopu ija siulukanso. Ganimede, mwezi wa ayezi wozungulira pulaneti la Jupita, ulowa mumthunzi wake, ife tiyeza mmene ukuziralira. Ukazirala msanga, pamwamba pake ndi fumbi. Ukasunga kutentha, ndi ayezi wolimba. Pansi pano sizitheka, chinyezi chimameza kuwala kwa kutenthako. Utsikana wanga wonse wathera pa ntchito imeneyi.

10 Julayi
Bambo atisiya m'mawa. Anandiimbira ndi achemwali, a Ripeka. Sindinalire. Ndinangotsuka makapu onse a mu ofesi.

11 Julayi, Kaikōura
Tawagoneka m'nyumba ya makolo, bokosi lotsegula. Sitiwasiya okha ngakhale pang'ono, tikusinthana. Olira akuwalankhula ngati ali maso. Amalume a Hoani: "Mdala iwe, nkhanu zako zija zinali timakanda, vomera lero!" Tonse kuseka, misozi ili mbwee.
Dzanja lawo lozizira. Mayo ine. Munthu amene ankafunditsa zala zanga m'khwapa mwake tikakhala m'bwato.
Bokosi adzalitseka Loweruka dzuwa lisanatuluke, monga mwa mwambo. Ndege imatera kutacha.

12 Julayi
Mutu waima. Achemwali: "Pita, Hinewai. Koma usadzanene kuti ndinakutuma ndine." Amalume osandiyang'ana n'komwe.
Ndagunditsa mphuno yanga pa ya Bambo, monga timalonjerana kwathu, n'kuwauza kuti ndifika pa nthawi yake. Bodza, ndipo iwo akudziwa.

13 Julayi
Zatheka. Mthunzi utangofika, mzere wa kutentha pakompyuta unagwa nthawi yomweyo. Fumbi. Ganimede susunga kanthu. Anzanga kukumbatirana, ine maso pa wotchi.
Ndinathamangitsa galimoto ngati wamisala. Ndinapeza atatseka. Nkhope ya Bambo sindidzaionanso, ndipo ndinasankha ndekha. Zikundiwawa.
Achemwali sanakalipe, bola akanakalipa. Anachezera pambali pa bokosi, pamalo panga, atavala juzi ya Bambo ya kunyanja ija. Atandiona anangoivula. "Vala, iwe, ukunjenjemera."
Inali yofunda. Fungo la mchere ndi fodya wawo.
Taika maliro. Anthu akudya m'holomo, akundiitana. Ine ndili m'galimoto, juzi ili m'thupi. Sindiivula. Ndikuopa kuti ndikangoivula izizira.